Galimoto yaulemu yalowetsa mkangano m'banja

Zikomo Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi. Tili ndi mwana mmodzi amene wayamba sitandade 1, ndipo panopa ndine woyembekezera, mwezi uno ndi wachisanu ndi chiwiri. Chaka chatha amuna anga anagulitsa kagalimoto kathu kamene sikankativutitsa n'kugula galimoto yaikulu ya ku Ulaya, ya chaka cha 2008, yochokera ku UK. Kunena zoona ndi yokongola, mipando yake ndi yachikopa, ndipo tikafika nayo kutchalitchi anthu amacheuka.

Vuto ndi lakuti kwa miyezi itatu tsopano, akailiza m'mawa imachita phokoso ngati munthu akugwedeza miyala m'chitini. Pakapita kanthawi phokosolo limatha. Mwezi watha panayakanso kanyali kachikasu kutsogolo kwa chiwongolero. Makaniko wina anawauza kuti tcheni cha mu injini chatha, chisinthidwe msanga apo ayi mavalavu apindika. Mtengo umene anatchula ndi wofanana ndi malipiro awo a miyezi iwiri. Iwo akuti makanikoyo akungofuna kuwadyera ndalama, chifukwa anzawo anawauza kuti tcheni sichitha, chimene chimatha ndi lamba.

Nkhaniyi sanandiuze okha, ndinachita kuiona pafoni yawo. Ndikayamba kuwafunsa amati za galimoto akazi sitizidziwa. Ndalama zimene tili nazo ndi zomwe tasungira zakuchipatala ndi fizi ya mwana. Timakhala kutali ndi chipatala ndipo ndikuopa kuti matenda akadzandiyamba usiku galimotoyi idzatisiya panjira. Kodi nditani?

Mayi wodandaula, Lilongwe

Mwana wanga,

Zikomo pondilembera. Poyamba ndikulimbitseni mtima kuti mantha anu ali ndi maziko. Makanikoyo sakunama kuti tcheni chimatha, ndipo anzawo a amuna anu akuwasokeretsa. Ine ntchito yanga inali ya unamwino, koma nkhani imeneyi ndinaiphunzira ndi misozi, ndipo ndikufotokozerani kumapeto. Kalata yanu ndinakambirananso ndi mwana wa mchemwali wanga amene wakhala akukonza magalimoto kwa zaka zambiri. Ndifotokoza mwachimvekere kuti mudzathe kuwawerengera bambo a kunyumbawo.

Mu injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika. Pamwamba pa pisitoni iliyonse pali mavalavu, amene ali ngati tizitseko. Ena amatseguka kuti mpweya ulowe, ena amatseguka kuti utsi utuluke. Injini zambiri za mapisitoni anayi zili ndi mavalavu 16. Mapisitoni amazunguza chitsulo cha pansi chimene amakaniko amati crankshaft, pamene mavalavu amatsegulidwa ndi chitsulo cha pamwamba chotchedwa camshaft. Cha pansicho chikazungulira kawiri, cha pamwamba chizungulire kamodzi, osaphonya ngakhale pang'ono. Chimene chimalumikiza ziwirizi kuti ziziyendera limodzi ndi tcheni, kapena m'magalimoto ena lamba wa mano.

Taganizani liwiro lake. Galimoto ikamathamanga pamsewu, injini n'kumazungulira ka 3,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutseka ka 25 pa sekondi imodzi. M'injini zambiri za masiku ano, malo amene valavu imafika ikatseguka ndi omwewo amene pisitoni imafika ikakwera. Zimangosinthana nthawi, ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi. Wina akatsitsa munsi, mnzake wakweza. Mmodzi akaphonya, minsi imawombana. Tcheni chikalumpha mano angapo kapena kuduka, pisitoni imakwera valavu isanachoke, n'kuimenya. Valavu imapindika kapena kuthyoka, ndipo nthawi zina pisitoni imasweka, mutu wa injini nawo n'kuwonongeka. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Tsono za mawu akuti tcheni sichitha. Zoona zake n'zakuti lamba ali ndi nthawi yake yosinthira yolembedwa m'buku la galimoto, m'magalimoto ambiri pafupifupi makilomita 100,000. Tcheni nthawi zambiri sachiikira tsiku, chifukwa chinapangidwa kuti chikhalitse. Koma kukhalitsa si kusatha. Aliyense amene anakhalapo ndi njinga akudziwa kuti tcheni chikakalamba chimalendewera, chimalumpha pa fuliwilo ndipo chimagwa pokwera mtunda. Timati chatanuka, koma chitsulo sichitanuka ngati mphira. Chimene chimachitika n'chakuti timisomali tolumikiza mfundo zake timaperepeseka pang'onopang'ono. Mfundo iliyonse ikadyeka pang'ono, mukaphatikiza mfundo zoposa 100, tcheni chonse chimatalika.

Komanso tcheni sichigwira ntchito chokha. Chimayenda pa mano a magiya, ndipo manowo amatha. Chimatsamira pa timipanda ta pulasitiki tochiwongolera, ndipo pulasitiki ikakhala zaka zambiri m'moto wa injini imauma n'kuyamba kuthetheka. Palinso kachipangizo kokunga tcheni, kamene amakaniko amati tensioner, kamene m'magalimoto ambiri kamadalira mphamvu ya oyilo. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha phokoso la m'mawa lija. Usiku oyilo amatsikira pansi. Mukailiza, pamatenga masekondi angapo kuti oyilo akwere n'kukunga tcheni. Pa masekondi amenewo tcheni cholendewera chimamenya m'mbali, ndiyo miyala ya m'chitini mukumvayo. Phokoso likatha, sikuti matenda atha. Zili ngati munthu wa BP amene mutu wasiya kumupweteka n'kumati ndachira.

Kanyali kachikasu kaja nako kali ndi uthenga. Kompyuta ya galimoto imayang'anira ngati chitsulo cha pansi ndi cha pamwamba zikuyendera limodzi. Zikayamba kusemphana imayatsa nyaliyo. Makaniko akalumikiza makina ake, nthawi zambiri pamatuluka nambala monga P0016 kapena P0017. Nyali imeneyi imayakanso pa zifukwa zina zambiri, n'chifukwa chake kuyeza n'kofunika. Zizindikiro zina ndi izi: injini kunjenjemera ikangoima, kuvuta kulira m'mawa, kuchepa mphamvu pamtunda, kumwa mafuta kwambiri, komanso tizidutswa ta pulasitiki kapena tizitsulo topezeka mu oyilo pomukhetsa.

Mwina amuna anu anganene kuti galimoto yodula chonchi singakhale ndi matenda otere. Ayi ndithu. Pali injini zingapo za magalimoto apamwamba zimene amakaniko m'mayiko ambiri amazidziwa pa vuto lomweli. Injini ya petulo ya Mercedes-Benz yotchedwa M271, imene inayamba kuikidwa mu 2002 m'magalimoto monga C180 ndi C200 Kompressor, imadziwika ndi kutalika kwa tcheni ndi kutha kwa mano a magiya a pamwamba. Injini ya dizilo ya BMW yotchedwa N47, imene inatuluka mu 2007 ndipo imapezeka mu 320d ndi 520d, tcheni chake chili kumbuyo kwa injini, kufupi ndi giyabokosi, moti kuti achifikire amayenera kuchotsa giyabokosi kapena kutsitsa injini yonse. Injini za petulo za 2.0 za Audi ndi Volkswagen za m'zaka za 2008 mpaka 2012 zinavutitsa ndi kachipangizo kokunga tcheni kaja, mpaka anakasintha kapangidwe. Ma Jaguar a injini ya V8 a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali ndi tokungira ta pulasitiki, ndipo pambuyo pake anaikamo tachitsulo. Sindikunena kuti magalimoto amenewa ndi oipa, ndipo ambiri amayenda zaka osavuta. Ndikunena kuti dzina lalikulu silitchinga ukalamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumbukiraninso kuti galimoto ya 2008 inagwira kale ntchito zaka zambiri kwa eni ake oyamba isanakwere sitima kubwera kuno. Magalimoto a ku UK amawerenga mtunda m'mamailosi. Mukaona 100,000 musaganize kuti ndi makilomita, ameneyo ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 161,000. Ku Ulaya magalimoto ena amaloledwa kuyenda makilomita 25,000 kapena 30,000 asanasinthe oyilo. Oyilo akakhalitsa chomwecho amada, amatenga mwaye ndi litsiro, ndipo litsirolo ndi limene limapala timisomali ta tcheni. Ikafika kuno ikukumana ndi fumbi, kutentha, maulendo afupiafupi a m'tauni, mwinanso oyilo wa m'mabotolo osadziwika bwino wogulidwa m'mbali mwa msewu.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba, galimotoyo ipume. Isapitenso ulendo wautali, ndipo ngati n'kotheka isayende n'komwe mpaka itayezedwa. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yoiliza m'mawa, chifukwa ndi pamene tcheni chimakhala cholendewera ndipo chingalumphe. Kukwera minibasi kwa masabata awiri sikunaphepo munthu.

Chachiwiri, ngati amuna anu sakumukhulupirira makaniko woyambayo, ali ndi ufulu wofunsa wina. Kuchipatala nakonso timalola wodwala kukamva kwa dokotala wachiwiri. Koma apite kwa munthu amene amadziwa mtundu wa galimoto imeneyo, amene ali ndi makina oyezera komanso zitsulo zomangira injini kuti isasunthe posintha tcheni. Asiye galimotoyo kugalaja usiku kuti makaniko adzaimve yekha m'mawa ili yozizira. Auzidwe nambala imene makina aonetsa ndipo ailembe. Pali zinthu zina zimene zimachita phokoso lofanana nalo, monga magiya osinthira nthawi ya mavalavu kapena kuchepa kwa oyilo, choncho asagule sipeya asanayeze.

Chachitatu, akatsimikiza kuti ndi tcheni, asinthe zonse zoyendera limodzi: tcheni, chokungira, timipanda ta pulasitiki, magiya ngati mano atha, ndi zotsekera kuti oyilo asadonthe. Kuika tcheni chatsopano pa mano otha n'kutaya ndalama, chifukwa posachedwa chidzathanso. Ngati pulasitiki inathetheka, atsegule pansi pa injini achotse zidutswa, chifukwa zimatseka sefa yokokera oyilo ndipo injini ikasowa oyilo imanoka. Zipangizo zikhale zatsopano, za kampani yodziwika. Tcheni chochotsedwa m'galimoto ina yakufa musachilole. Mtengo ulembedwe papepala, zipangizo pazokha, ntchito payokha, ndipo zakale zimene achotsa akuonetseni.

Chachinayi, ndipo ichi bambo amvetsetse: ikadzachitika kuti galimoto yachita phokoso lalikulu n'kuzima yokha panjira, asalimbane nayo. Asapitirize kuiliza, asaitane anyamata kuti aikankhe. Kuzunguza injini imene tcheni chalumpha ndi kuwonjezera mavalavu opindika. Ikokedwe kapena inyamulidwe kupita kugalaja. Kumeneko adzayeza mphamvu ya mpweya m'chipinda cha pisitoni iliyonse, kapena kulowetsa kakamera poboola pa pulagi, n'kuona ngati mavalavu akhudzidwa.

Kusiyana kwa mtengo ndi kumene kuyenera kuwatsegula maso. Lero ntchito ndi ya tcheni ndi zinzake. Mavalavu akapindika, ntchito ya tcheniyo imakhalapobe, kenaka muwonjezere kuchotsa mutu wa injini, mavalavu atsopano, gasiketi, mabawuti, kukapalitsa mutuwo kwa a makina, mwinanso mapisitoni. Zikafika poipa ndiye kugula injini ina, imenenso simukudziwa kuti tcheni chake chili bwanji. Zipangizo za magalimoto otere nthawi zambiri amaitanitsa ku South Africa, ku Dubai kapena ku UK, ndipo podikira galimoto imakhala pamiyala. Tayendani m'magalaja a mu Lilongwe ndi Blantyre muone magalimoto okongola amene amera udzu kunsi. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Tsopano tibwere ku nkhani ya m'nyumba, chifukwa kwa ine imeneyi ndiyo yaikulu. Ndalama zakuchipatala musazikhudze. Ndabwereza, musazikhudze. Galimoto ikhoza kudikira pansi pa mtengo miyezi itatu osafa, koma mwana akafuna kubadwa sadikira. Fizi ya wamkuluyo nayonso isalowe m'galaja. Ndipo musalole kuti apite kwa akatapila chifukwa cha tcheni. Ngongole ya chiwongola dzanja chachikulu imadya banja kuposa mmene dzimbiri limadyera chitsulo.

Pa zaka zimene ndinagwira ntchito m'chipinda cha amayi ochira, ndinaona amayi ambiri akufika mochedwa chifukwa cha mayendedwe. Ena anachirira m'galimoto, ena anafika atataya magazi ambiri. N'chifukwa chake kusikelo timalangiza kuti mayi akonzeretu za ulendo wake. Inu mukonze njira ziwiri zosadalira galimoto yanuyo. Gwirizanani ndi mnansi kapena wachibale amene ali ndi galimoto yodalirika, ndipo mukhalenso ndi nambala ya woyendetsa takisi amene amayankha foni usiku. Ndalama ya mafuta ikhale m'chikwama chomwe mwaika zitenje ndi zovala za mwana. Ngati kwanuko n'kutali kwenikweni, funsani anamwino a kusikelo za kuchidikiro, kapena masiku akayandikira mukakhale kwa wachibale amene ali pafupi ndi chipatala. Mukachita zimenezi, mantha a usiku aja achepa, ndipo nkhani ya galimoto mudzaikamba ndi mtima wodekha.

Za amuna anu, musafulumire kuwaona ngati munthu wouma mtima. Kawirikawiri bambo akabisa nkhani yotere, n'chifukwa cha manyazi. Anagulitsa galimoto yabwinobwino, anzawo anawatamanda, ndiye lero avomere bwanji kuti anagula mavuto? Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Sankhani nthawi yabwino, atadya, mwana atagona, popanda alendo. Musayambe ndi mawu akuti "ndinakuuzani ine". Vomerani kuti munaona uthengawo pafoni yawo ndipo mupepese, chifukwa kusuzumira pafoni ya mnzako nakonso kumawononga chikhulupiriro. Kenaka muwauze kuti, "Bambo, galimotoyi ndi yathu tonse, ndipo ine ndi mwana ali m'mimbayu tikudalira inu. Tiyeni tikamve kwa makaniko wachiwiri limodzi." Ndipo kugalajako mupitedi. Makutu a mkazi amamva nambala mofanana ndi a mwamuna.

Mukamva mtengo weniweni, khalani pansi ndi pepala. Njira zilipo zitatu. Mukhoza kuiimika n'kumasunga pang'onopang'ono mpaka ndalama ya ntchito yonse itakwana. Mukhoza kuikonza kenaka n'kuigulitsa, mubwerere ku galimoto yogwirizana ndi thumba lanu. Kapena mukhoza kuigulitsa mmene ililimu pamtengo wotsika, koma mumuuze wogulayo zoona za tcheni. Kuitenthetsa kaye injini kuti wogula asamve phokoso ndi kuba, ndipo m'galimotomo mudzakwera mwana wa munthu wina. Ngati mwasankha kuisunga, dziwani kuti walira mvula walira matope. Pamafunika kathumba kake mwezi ndi mwezi, oyilo wa mtundu umene buku lake likunena, wogulidwa pamalo odalirika, kusinthidwa pamodzi ndi sefa yake pa makilomita osapitirira 10,000 kapena kamodzi pachaka, ndi kuyang'ana mlingo wa oyilo pafupipafupi. Akakana kukambirana mpaka kufuna kutenga ndalama zakuchipatala mokakamiza, pamenepo itanani ankhoswe. Ntchito yawo si ya maukwati akutha okha ayi.

Ndinalonjeza kukuuzani zanga. Malemu amuna anga atalandira ndalama zawo zopumira ntchito anagula galimoto yaikulu yakale imene ankailota kuyambira ali mnyamata. Inkachita phokoso lomweli m'mawa. Ine namwino, amene ndinkakalipira odwala obwera matenda atakula, ndinkangotseka zenera kuti phokosolo lisandisokoneze. Iwo ankati ikungotsokomola, itenthedwa isiya. Tsiku lina tikupita kumaliro a mayi anga, inazima pamtunda. Anyamata anatithandiza kukankha kawiri konse, osadziwa kuti tikuimaliza. Tinafika kumudzi pa lole ya chimanga anthu akubwerera kumanda. Galimotoyo inakhala kugalaja chaka chathunthu, pomaliza tinaigulitsa kwa ophwasula. Ndalama ndinaiwala, koma zoti mayi anga anaikidwa ine ndili pamsewu sindidzaiwala.

Kwa inu achinyamata ena amene mukulota galimoto yotere, mverani izi musanapereke ndalama. Pitani mukaione m'mawa ndipo mugwire injini ndi dzanja musanailize. Mukaipeza yofunda, funsani chifukwa chake n'kubweranso mawa lake. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Funsani mapepala osonyeza nthawi zimene oyilo ankasinthidwa. Ngati inachokera ku UK ndipo nambala yake yakale ikudziwika, mbiri ya kuyezedwa kwake kwa chaka ndi chaka, kumene amati MOT, imapezeka pa intaneti kwaulere ndipo imaonetsa mamailosi amene inali itayenda. Funsaninso mtengo wa zipangizo zake musanagule, chifukwa galimoto yakale yapamwamba imatsika mtengo koma zipangizo zake sizitsika. Safunsa anadya phula.

Inunso makolo, mwana akabwera kudzakuonetsani galimoto yaikulu, muyamikireni, koma mumufunsenso ngati wasiya kangachepe kokonzera. Ife tomwe ndi amene timawapanikiza ana athu tikamawayerekeza ndi ana a anzathu.

Mwana wanga, pitirizani kupita kusikelo, idyani bwino ndipo musalole nkhawa ya chitsulo ikukwezereni magazi. Mukaona mutu ukupweteka kwambiri, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zikutupa, kapena mukataya magazi, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira galimoto ya aliyense. Mukadzachira mudzandilembere, ndidzamve za mwanayo komanso zimene munagwirizana ndi bambo ake.

Ndine wanu,

Anamwino